Injini ya Twente-thu m'Thupi la Naini

Olemekezeka Wapampando wa bodi ya kampani ino, amene mwatilandira ndi manja awiri ngakhale dzanja limodzi likugwirabe foni, olemekezeka Mkulu woyendetsa kampani, olemekezeka Mayi Mkulu wa labu yomwe tikutsegula lero, amene kale munali wophunzira wanga ndipo lero mwandipatsa mphindi khumi ndi zisanu zokha pofuna kubwezera mayeso aja, olemekezeka akuluakulu a makampani a mabasi, a mathiraki, a makina olambula misewu ndi a majenereta, inu amene mumatumiza kuno oyilo wakuda bii n'kumayembekezera nkhani zoyera, aphunzitsi anzanga a ku yunivesite, amene ndakuonani mwakhala kufupi ndi tebulo la tiyi monga mwa nthawi zonse, amakaniko ndi madalaivala, amene mwasamba m'manja kawiri m'mawa uno koma zikhadabo zikuchitabe umboni, atolankhani, amayi ndi abambo nonse, ndakupatsani moni.

Ndisanalowe m'mawu anga, ndapatsidwa kapepala kofunika kwambiri, ndipo ndapemphedwa kuti ndikawerenge ndi ulemu wake wonse. Kakuti: mwini galimoto yotuwa imene yaima pansi pa mtengo pafupi ndi geti adziwe kuti galimoto yake ikudontha oyilo pa simenti yatsopano, ndipo alonda aika kale katoni pansi pake. Amayi ndi abambo, pa tsiku lotsegulira labu yoyeza oyilo, pamaso pa akatswiri onsewa, ichi ndi chipongwe chachikulu, ndipo ndikuchidzudzula mwamphamvu. Ndikanapitiriza kudzudzula, koma nambala yalembedwa apayi ndikuidziwa. Galimotoyo ndi yanga. A Wapampando, katoniyo ndibweza.

Mwaseka, zikomo. Sekeranitu, chifukwa kutsogoloku msewu uli ndi mabampu.

Ndabwera ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuthokoza. Yachiwiri ndi kutsuka dzina la munthu wina amene wakhala m'chipinda muno, dzina lomwe ndinalidetsa ine ndi cholembera changa. Tiyambe ndi yosavutayo.

Pali achibale a ogwira ntchito amene abwera kudzaombera m'manja asakudziwa kuti mwana wawo amatani kuno. Musachite manyazi. Azakhali anga mpaka lero amauza anthu kutchalitchi kuti ndinapita ku yunivesite zaka zinayi kukaphunzira kuthira mafuta m'magalimoto. Ntchito yake ndi iyi. Injini ikamatha mkati, tizidutswa tosaoneka ndi maso timagwera mu oyilo: chitsulo, mkuwa, fumbi lolowa mozemba, madzi, ngakhale dizilo. Oyilo ndi kazitape. Amazungulira chipinda chilichonse cha injini, amaona zonse, ndipo mukamufunsa bwino amaulula. Anthu a m'labu muno amalandira kabotolo ka oyilo wogwira kale ntchito, n'kumufunsa kuti kwanuko kukudwala ndani.

Koma nambala imodzi sinena kanthu. Amayi mukudziwa za kusikelo. Namwino akakuuzani kuti mwana akulemera makilo asanu ndi anayi, simungadziwe ngati museke kapena mulire mpaka mutaona pakhadi kuti mwezi watha ankalemera bwanji. Chofunika ndi mzere uja, kuti ukukwera kapena ukutsika. Ndiye khadilo likasochera, kapena mukalemba mwana wa aneba pakhadi la mwana wanu, sikelo ikhoza kukhala yabwino chotani, mwana adwalabe inu mukumwetulira.

N'chifukwa chake m'mawa muja, Mayi Mkulu wa labu atandiyendetsa m'zipinda zitatu zatsopanozi, sindinachedwe pa makina onyezimira aja. Makina ndawaonapo ambiri, ndipo onse amanyezimira tsiku loyamba. Ndinachedwa pakauntala yolandirira mabotolo. Botolo lililonse likumatidwa kapepala ka timizeremizere komwe kompyuta imawerenga yokha, moti kwatha kuganizira ngati makaniko analemba seveni kapena wani ndi chala cha girisi. Kompyutayo ikukana kulandira botolo lopanda nambala ya injini, ikukananso lopanda mtunda womwe oyiloyo wayenda. Ndinayesa kuinyengerera, ndinaiuza kuti ndine mlendo wolemekezeka, koma inakana ndithu. Zotsatira zikatuluka zikukakhala pansi pa zinzake za injini yomweyo, ndipo mzere ukayamba kukwera, uthenga ukulowa pafoni ya foromani tsiku lomwelo. Wina akafuna kusintha nambala, akhoza kusintha, koma dzina lake ndi nthawi yake zikutsala pomwepo ngati phazi pamatope. Ndipo zonsezi zikusungidwanso m'nyumba ina, kuti moto, madzi kapena chiswe zisadzatimalize tsiku limodzi.

Ndikuthokoza bodi chifukwa chovomera chinthu chosaoneka bwino pachithunzi. Kugula makina n'kosavuta, atolankhani amajambula. Koma kuvomera kuti anthu akhale pansi n'kumakonza mmene mbiri ya injini isungidwire, pamenepo pamafunika mtima. Ndikuthokoza inu makasitomala chifukwa chololera kudzaza fomu yotalikirapo, ngakhale ndamva kuti ena munadzaza mukutukwana chamumtima. Ndipo mwapadera ndikuthokoza anthu asanu ndi mmodzi amene anakhala miyezi isanu ndi itatu akulowetsa m'kompyuta mapepala a zaka khumi ndi chimodzi, makabati asanu ndi awiri, mapepala ena odyedwa ndi makoswe, ena olembedwa ndi anthu amene mwina ankafuna kukhala madokotala. Taimirirani tikuoneni. Eya, amenewo. Onse avala magalasi, mwaona? Pamene ankayamba ntchitoyi, awiri okha ndi amene ankavala. Aombereni m'manja mokwanira.

Amakaniko, nanunso ndikuthokozani, koma ndikutsineni khutu, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Chizolowezi chija chotunga mabotolo khumi mumgolo umodzi wa oyilo wotayidwa, n'kulembapo manambala a magalimoto khumi kuti muweruke msanga, chithe. Ndikuona ena mwayang'ana pansi. Kale tinkangodabwa kuti magalimoto khumi adwala bwanji matenda amodzi ngati ana a nyumba imodzi. Kompyuta iyi sidabwa. Imafunsa.

Pafomu yatsopanoyo pali kabokosi kamodzi pansi penipeni, kolembedwa kuti: zomwe dalaivala wamva. Ndinafunsa kuti kameneka anaikapo ndani. Mayi Mkulu wa labu anati, "Ndi inu, aphunzitsi. Munkatikakamiza chaka chilichonse m'kalasi, koma simunatiuzepo chifukwa chake."

Lero ndikuuzani.

Zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo, nditangotuluka ku yunivesite, ndinalembedwa ntchito pakampani ina ya mathiraki yomwe pano inatsekedwa. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja, makina amodzi, jasi yoyera ndi kabati yachitsulo. Anthu a m'galaja anandipatsa dzina loti a Digiri, ndipo ine, poti nzeru zinali zisanabwere, ndinkayesa ndi ulemu. M'kabatimo ndinakonza mafayilo bwinobwino, thiraki iliyonse fayilo yake, motsatira nambala yopentedwa pachitseko: Wani, Thu, Fili, mpaka Fote. Ndinkanyadira kabati imeneyo kuposa mmene munthu anyadirira mwana woyamba.

Pakampanipo panali dalaivala wa thiraki nambala Naini, bambo a zaka makumi anayi, amene tonse tinkawatcha a Tifika. Ankayendetsa pang'onopang'ono moti anzawo ankati njinga zimawapitirira zikuliza belu. Akawanena, yankho linali limodzi: "Tifika." Zaka khumi ndi zisanu pamsewu, osakandako ngakhale galasi.

Tsono m'galajamo munali kachitidwe kamene ine sindinakaganizire. Thiraki ikathyoka msana injini ili yamoyo, ankaichotsa injiniyo n'kuiika m'thiraki ina yomwe injini yake yatopa. Zimenezi ankalemba ndi choko pabolodi la foromani, Lachisanu n'kufufuta. Chaka chimenecho thiraki nambala Twente-thu inathyoka chesisi, msana wake uja, ndipo injini yake anaiika mu Naini, n'kuthiramo oyilo watsopano. Patatha sabata imodzi kabotolo kanafika patebulo langa, kolembedwa kuti Naini. Ndinayeza. Mkuwa unali 19. Malire athu oopsa anali 30. Ndinatsegula fayilo ya Naini: miyezi yam'mbuyo 17, 18. Ndinati mwana akukula bwino, ndinadinda chidindo changa chobiriwira: ZILI BWINO.

Masana ake a Tifika anagogoda pachitseko changa, chipewa chili m'manja.

"Odi, a Digiri."

"Lowani, madala. Mwafika?"

"Tafika. Koma galimoto yanga ikulankhula mawu achilendo."

"Ikuti chiyani? Ikupempha tchuthi?"

"Ikugogoda pansi, chapansipansi, ngati mlendo wamanyazi. Makamaka pokwera mtunda. Paja anandiikira injini ya Twente-thu."

Mwamva, amayi ndi abambo? Anandiuza. Sanabise, sanazungulire. Kabati inali kumbuyo kwanga, mapazi atatu kuchokera pampando. Ine ndinatani? Ndinanyamula pepala n'kuwaonetsa chidindo.

"Madala, injini ya Twente-thu, ya Naini, zonse zimamwa oyilo mmodzi. Makina awa anachokera kunja, amaona zinthu zomwe khutu silingamve. Mwina kukugogodako ndi m'mimba, mwadya?"

Anaseka pang'ono, poti anali munthu waulemu. Anati, "Chabwino, inu ndi amene munapita kusukulu." Anavala chipewa n'kutuluka.

Patatha masabata awiri, pamtunda wina wautali, injini ija inaphulika. Chitsulo chinaboola m'mbali n'kutulukira kunja, oyilo mbwee pamsewu, katundu wa kasitomala n'kugona panjira masiku atatu. Mwayi wake palibe anavulala. Kampani inaitanitsa bwalo, ndipo ine ndinaitanidwa ngati mboni yophunzira. Bwana wamkulu anafunsa kuti, "A labu, injiniyi inali ndi vuto?" Ndinaimirira, jasi yoyera yositasita, ndinati, "Ayi bwana. Masabata awiri isanaphulike inali yangwiro, lipoti ndi ili. Injini yangwiro siingafe msanga chotere pokhapokha ngati woyendetsa anaithamangitsa mopitirira muyeso kapena sanayang'ane oyilo."

A Tifika anati, "Ine? Kuthamanga?"

Ngakhale foromani anaseka. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti n'zosatheka. Koma kuseka kulibe chidindo, pamene pepala langa linali nacho. Kenaka a Tifika anatembenukira kwa ine.

"A Digiri, paja ndinabwera kwanu. Ndinakuuzani za kugogoda."

Ine ndinayang'ana fayilo, n'kunena mawu awiri amene ndakhala nawo mpaka lero: "M'fayilo mulibe."

Anawachotsa ntchito. Kalata yawo inalembedwa kuti, chifukwa chosasamala. Madalaivala muli muno mukudziwa kuti kalata yotere imayenda patsogolo pa mwini wake. Ukamafika pageti la kampani ina, umapeza yafika kale, yakhala pampando, yamwa tiyi.

Pambuyo pake, tsiku lina ndikuchotsa m'kabati mafayilo a mathiraki omwe anasiya kuyenda, ndinatsegula ya Twente-thu. Mkuwa: 8, mwezi wotsatira 15, wotsatira 27. Pansi pake panali mawu olembedwa ndi dzanja langa lomwe: muionetsetse mwezi wamawa. Mwezi wamawawo thirakiyo inali itathyoka, botolo silinabwere, ine n'kutseka fayilo. Matenda anasamukira m'nyumba ina, khadi n'kutsala m'nyumba yakale. Ndipo 19 uja ndinamudinda chobiriwira sanali wa mwezi wathunthu ngati 17 ndi 18 aja. Anali wa oyilo wa sabata imodzi yokha. Injiniyo inkadzidya yokha mothamanga, ndipo munthu yekhayo amene anaimva ikulira ndi amene ndinamufunsa ngati wadya.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kabati yonse. Fayilo inayamba kutsatira nambala ya injini, osati ya pachitseko. Botolo lopanda mtunda ndinkalibweza. Bolodi la foromani ndinkalikopera Lachinayi, choko chisanafufutidwe. Mainjini anasiya kuphulika. Anandikweza. Anandituma kumisonkhano kukafotokoza njira yanga yatsopano, ndinkavala suti n'kumaloza mizere pakhoma, anthu akuombera m'manja. Kenaka yunivesite inandiitana, ndinaphunzitsa njira yomweyo zaka zambiri, ndipo n'chifukwa cha njira yomweyo mwandiika pampando wofewa lero. Kulikonse ankandifunsa kuti nzeru imeneyi ndinaitenga kuti, ndinkayankha kuti ndi kafukufuku.

Kalata yondiitana kuno itafika, ndinayamba kulemba mawu okoma, a chitukuko ndi tsogolo lowala, mawu aja mumawadziwa, amene munthu amatha kugona pakati n'kudzuka osaphonya kanthu. Cholembera chinakana. Ndinafunsafunsa kwa amakaniko akale mpaka ndinawapeza a Tifika mwezi watha. Amayendetsa chigayo cha alamu awo. Ndinawapeza atayera mutu ndi fumbi la chigayo, khutu atalitchera ku injini yomwe imalira tsiku lonse osapita kulikonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"A Digiri? Koma ndiye mwanenepatu. Jasi ija ikukwanabe?"

Anathimitsa chigayo, amayi odikira pamzere akudandaula, tinakhala pabenchi panja. Ndinawafotokozera zonse, za 8, za 15, za 27. Ndinkayembekezera kuti akwiya, mwinanso ndinkafuna kuti akwiye. Iwo anangopukuta m'manja n'kunena kuti, "Nanga mukundiuza ine? Ine ndinkadziwa kuti sindinalakwe. Ndinali momwemo."

Ndinati, "Ndiye nditani, bambo?"

Anati, "Munanenera pa anthu. Mukanenerenso pa anthu. Ndipo ana anga akakhalepo, chifukwa wamkuluyo anakula anzake akumuuza kuti bambo ake anapha galimoto ya kampani."

Ndinapempha Mayi Mkulu wa labu mipando inayi mumzere wachiwiri, ndipo sanandifunse kuti ndi ya ndani. Mayi, pa zonse mwachita, chimenechi ndiye ndikuthokoza koposa. Ndinawapemphanso bambowa kuti adule nane riboni, koma anakana. Akuti sanabwere kudzadula nsalu, abwera kudzamva.

Ali apo, avala jekete yabuluu, pakati pa ana awo atatu. Ayi, musaimirire, bambo. Woyenera kuima ndine.

Pamaso pa a Wapampando, pamaso pa madalaivala anzanu, pamaso pa ana anu ndi atolankhani awa amene ndikuwapempha kuti alembe ndendende: thiraki nambala Naini simunaiphe ndinu. Simunathamange, simunaiwale oyilo, simunachite chosasamala chilichonse. Munamva vuto, munabwera kudzanena, ndipo munanena zoona. Wosasamala ndinali ine. Ndinasunga mbiri ya chitseko m'malo mwa mbiri ya injini, ndinakana kuyenda mapazi atatu, ndipo pabwalo ndinabisala kuseri kwa fayilo. Zimenezi ndazilembanso pakalata, ndasaina, ili m'thumba muno, ndikupatsani tikamaliza. Akuluakulu amati mawu a akulu amakoma akagonera. Anu agonera zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ndi amene ali m'kabokosi kaja pansi pa fomu. Mbiri ya injini iliyonse imene idzasungidwe bwino m'nyumba muno, mphunzitsi wake woyamba ndi inu. Zikomo, bambo, chifukwa chobwera. Simunali okakamizika.

Inu a m'labu, mawu anga kwa inu ndi ochepa. Nambala iliyonse imene mudzalowetse m'kompyutamo ili ndi munthu kumapeto kwake. Dalaivala akadzagogoda chipewa chili m'manja, mudzamupatse mpando, mudzalembe zomwe wanena, ngakhale makina anu atanena zina.

Mayi Mkulu wa labu akuyang'ana wotchi. Ndatsala pang'ono.

Pali chimodzi chimene sindinanene pabenchi paja. Ndinati "pambuyo pake", ndipo lero ndanenanso chimodzimodzi, ndikudziwa kuti bambowa anaganiza kuti ndazindikira posachedwapa. Fayilo ya Twente-thu ndinaitsegula patangotha miyezi inayi. Nthawi imeneyo thiraki ya Naini inali itakonzedwa, ikusowa dalaivala wokhazikika. Nthawi imeneyo a Tifika ankabwerabe pageti Lolemba lililonse, kufunsa alonda ngati abwana angaunikenso nkhani yawo. Ine ndinali nditangomva kuti dzina langa lili pa okwezedwa. Ndinabweza fayiloyo m'kabati, ndipo Lolemba ndinayamba kulowera geti la kumbuyo. Anabwera choncho pafupifupi chaka, kenaka anasiya. Pano maso awo sangakhozenso mayeso a laisensi, ndipo mayi a ana awa, amene ankasitira bambowa yunifolomu, anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo asanamve zimene mwamva inu lero. Dzina ndabweza. Zinazo ndilibe pozitenga.

A Wapampando, amayi ndi abambo, ndi mtima wothokoza, ndiponso ndi chilolezo chanu bambo, ndikulengeza kuti labu ino, pamodzi ndi nkhokwe yake yosungira mbiri ya mainjini, yatsegulidwa tsopano.

Mwandimvera mpaka pamapeto. Zikomo kwambiri.